Kupima Thupi: Zimene Manambala Amanena

M'mabanja ambiri ku Malawi, munthu amene amapimidwa kwambiri ndi mwana. Mwezi ndi mwezi mayi amamubereka kupita naye ku sikelo, kaya ndi kuchipatala kapena pansi pa mtengo pomwe mlangizi wa zaumoyo wakoloweka sikelo yake panthambi. Mwanayo amamulowetsa m'kakabudula kansalu n'kumupachika, iye akulira ndi kupalapata, mpaka muvi wa sikelo utaima pa nambala. Mlangizi amaika kadontho pa tchati cha m'buku la kuchipatala n'kukalumikiza ndi kadontho ka mwezi watha. Ngakhale mayi amene sanapite patali ndi sukulu amadziwa kuwerenga mzerewo. Ukamakwera, mwana akukula. Ukagona kapena kutsika, pali chimene chalakwika, ngakhale mwanayo akuseka ndi kusewera.

Mwana akakwanitsa zaka 5, sikelo imatha, ndipo ambiri sapimidwanso mpaka tsiku limene adzadwale. Amayi amabwererako akakhala oyembekezera, koma abambo ambiri amatha zaka zambirimbiri osaponda pachipatala, n'kumati, "Ine ndili bwinobwino, sindimva kuwawa paliponse." Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mu 2009 Unduna wa Zaumoyo mothandizana ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO unachita kafukufuku wotchedwa STEPS pakati pa Amalawi a zaka 25 mpaka 64. Anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka kwambiri mwa iwo sankamwa mankhwala aliwonse. Anthu amenewa ankalima, kugulitsa malonda ndi kuimba kwaya monga wina aliyense.

Nzeru ya ku sikelo ndi yofunika moyo wonse: pima usanadwale, pima moyenera, lemba, ndipo yerekeza ndi zimene unapeza kale. Nkhani ino ikufotokoza miyezo imene munthu wamba angakumane nayo, kumene inachokera, ndi tanthauzo la manambala ake.

Kuthamanga kwa magazi

Mtima ukafinya, umakankhira magazi m'mitsempha mwamphamvu. Ukamasuka kuti udzazenso, mphamvuyo imatsika koma siitheratu. N'chifukwa chake kuthamanga kwa magazi, kapena kuti BP, kumalembedwa ndi manambala awiri, monga 120/80. Yapamwamba ndi mphamvu ya magazi pamene mtima wafinya, yapansi ndi pamene ukupumula. Lamba wopopa amene amakulunga pamkono anamuyambitsa dokotala wa ku Italy, Scipione Riva-Rocci, mu 1896. Mu 1905 dokotala wa asilikali ku Russia, Nikolai Korotkoff, anapeza kuti ukamvetsera pamtsempha wa m'kati mwa chigongono uku ukuphwetsa lambayo pang'onopang'ono, umamva kugogoda kumene kumayamba pa nambala yapamwamba n'kuzimiririka pa yapansi. Makina a mabatire a masiku ano amamva kunjenjemera kwa mtsemphawo n'kuwerengera okha.

Malinga ndi WHO, munthu wamkulu ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi ngati atapimidwa pa masiku awiri osiyana n'kupezeka kuti nambala yapamwamba yafika pa 140 kapena kuposa, kapena yapansi yafika pa 90 kapena kuposa. Anthu ambiri amakhulupirira kuti BP ikakwera amaimva: mutu umawawa kunkhongo, mtima umathamanga, maso amachita chidima. Zoona zake n'zakuti nthawi zambiri siimveka konse. Imawononga mwakachetechete mtima, impso, maso ndi mitsempha ya mu ubongo. Munthu amene dzulo anali kudimba, lero wagwa kubafa, pakamwa papindika, mkono ndi mwendo zafa. Achibale amayamba kufunsana kuti wamuchita ndani, pamene chomugwetsacho chinali m'mitsempha kwa zaka zambiri, ndipo kupima kwa mphindi zochepa kukanachionetsa.

Nambala ya BP imasinthasintha tsiku lonse, choncho kapimidwe kake kamafuna chisamaliro. Munthu amene wangotsika panjinga, wayenda mtunda wautali padzuwa, kapena wakangana ndi wina pamzere, BP yake ioneka yokwera. Akhale kaye pansi mphindi zisanu, msana atatsamira, mapazi onse ali pansi, miyendo osapingasa. Mkono ugone patebulo molingana ndi mtima, ndipo lamba akhale pakhungu, osati pamwamba pa juzi. Asalankhule pamene makina akupopa. Asasute fodya, kumwa khofi kapena kugwira ntchito yolemetsa kwa mphindi 30 asanapimidwe, ndipo ngati akumva mkodzo ayambe wataya madzi. Kukula kwa lamba nakonso n'kofunika: lamba wamng'ono pamkono waukulu amakweza nambala. Ena amangochita mantha akaona namwino, BP n'kukwera pompo. Pa zifukwa zonsezi, nambala imodzi yokwera imangotanthauza kuti mupimenso. Koma ikafika pa 180/120, makamaka ngati munthuyo akumva kuwawa pachifuwa, akubanika kapena sakuona bwino, apite kuchipatala nthawi yomweyo.

Amene ayamba mankhwala asawasiye poona kuti nambala yatsika, chifukwa yatsika kaamba ka mankhwalawo. Mchere nawo uchepe. WHO imalangiza kuti munthu wamkulu asafike pa magalamu 5 patsiku, omwe ndi pafupifupi supuni yaing'ono ya tiyi, kuphatikizapo mchere wobisika mu nsomba zoumitsa ndi mchere, m'buledi ndi m'tizidutswa tokometsera ndiwo. Kwa mayi woyembekezera, BP yofika 140/90 mimba itapitirira masabata 20 ndi chenjezo loopsa kwa iye ndi mwana yemwe, ndipo n'chifukwa chake anamwino amaipima ulendo uliwonse wa ku sikelo.

Zimene mungapime ndi zala ndi wotchi

Kugunda kwa mtima sikufuna makina. Ikani chala chamkombaphala ndi chapakati pamkono, munsi mwa chala chachikulu, mpaka mutamva mtsempha ukugunda. Werengani kwa masekondi 30 n'kuchulukitsa kawiri. Nthawi yabwino ndi m'mawa musanadzuke pamphasa kapena pabedi. Mwa munthu wamkulu amene akupumula, mtima umagunda maulendo 60 mpaka 100 pa mphindi. Othamanga mitunda yaitali ndi opalasa njinga tsiku ndi tsiku amatha kutsika mpaka m'ma 40 kapena 50, chifukwa mtima wozolowera ntchito umapopa magazi ambiri pa kugunda kumodzi. Ngati mwayamba masewero olimbitsa thupi ndipo pakatha miyezi nambala yanu ya m'mawa ikutsika, mtima ukulimba. Ikakwera popanda chifukwa chodziwika, mwina thupi latentha, magazi achepa kapena madzi atha m'thupi. Mtima wogunda modumphadumpha, wopanda dongosolo, uyenera kukaonedwa ndi dokotala.

Kwa ana, kuwerenga kapumidwe kumapulumutsa moyo. Mwana amene akutsokomola muvuleni malaya, mudikire akhale phee, ndipo muwerenge kukwera kwa chifuwa kwa mphindi yathunthu. Khanda losakwana miyezi iwiri likapuma maulendo 60 kapena kuposa, mwana wa miyezi 2 mpaka 11 akafika pa 50, kapena wa chaka chimodzi mpaka zinayi akafika pa 40, mwina ndi chibayo. Ngati munsi mwa nthiti mukulowa m'kati pokoka mpweya, musadikire kuti kuche.

Kutentha kwa thupi ambiri timakuyesa ndi kuseri kwa dzanja pachipumi, koma dzanja limanama. Nambala yodziwika ya madigiri 37 inatchuka ndi dokotala wa ku Germany, Carl Wunderlich, amene anasindikiza zimene anapeza mu 1868, ngakhale kuti anthu athanzi amasiyana pang'ono. Chopimira choikidwa m'khwapa chikaonetsa 37.5 kapena kuposa, thupi latentha. Sikuti kutentha kulikonse ndi malungo. Kuyambira mu 2010 WHO imalangiza kuti munthu ayambe wayezedwa magazi asanapatsidwe mankhwala a malungo, ndipo kachipangizo kobaya pachala kamatulutsa zotsatira pa mphindi 15 kapena 20. Kumwa mankhwala a malungo a LA mongoganizira kumataya nthawi pamene matenda enieni akukula.

Sikelo, msinkhu ndi chiuno

Makilogalamu paokha sanena zambiri, chifukwa munthu wamtali ayenera kulemera kuposa wamfupi. Muyezo wa BMI umaphatikiza ziwirizi. Tengani kulemera kwanu m'makilogalamu, mugawe ndi msinkhu wanu m'mamita, kenako mugawenso ndi msinkhu womwewo. Munthu wolemera makilogalamu 70, wotalika mamita 1.65, akagawa koyamba apeza 42.4, ndipo akagawanso apeza 25.7. Nambala yochepera 18.5 ikutanthauza kuonda kwambiri, 18.5 mpaka 24.9 ndi thupi loyenera, 25 mpaka 29.9 ndi kunenepa, ndipo 30 kapena kuposa ndi kunenepa kopitirira muyezo.

Masamu amenewa anawayambitsa katswiri wa ku Belgium, Adolphe Quetelet, m'zaka za m'ma 1830. Iye sanali dokotala, ndipo cholinga chake chinali kufotokoza thupi la munthu wapakatikati pagulu la anthu a ku Ulaya. Dzina loti BMI analitchukitsa Ancel Keys wa ku America mu 1972. Mbiri imeneyi ikusonyeza malire a muyezowu. Sumasiyanitsa minofu ndi mafuta. Mnyamata wonyamula matumba a chimanga pamsika akhoza kukhala ndi BMI ya 27 koma yonseyo ili minofu, pamene wa mu ofesi wa miyendo yowonda ndi kamimba kotuluka ali pa 24. Manambala ali pamwambawa sagwiranso ntchito kwa ana ndi amayi oyembekezera.

Mafuta oopsa kwambiri ndi a m'mimba, amene amakuta chiwindi ndi matumbo, chifukwa ndiwo amayenderana kwambiri ndi matenda a shuga ndi a mtima. Tepi ya telala imawaulula. Pimani pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno, cha pamwamba pa mchombo, mutatulutsa mpweya koma osakoka mimba. WHO imati chiopsezo chimayamba kukula mwamuna akapitirira masentimita 94 ndipo mkazi akapitirira 80, n'kukula kwambiri akapitirira 102 ndi 88. Ngati tepi palibe, chingwe chikwanira. Dulani chingwe chofanana ndi msinkhu wanu, chipindeni pakati, n'kuchizunguliza pamimba. Nsonga zake zikalephera kukumana, mimba yapitirira theka la msinkhu, ndipo mafuta achuluka.

Kwathu kuno mawu akuti "mwanenepatu, zikukuyenderani" ndi chiyamikiro, ndipo m'zaka zimene Edzi inavuta kwambiri, kuonda kunkachititsa anthu kuloza chala. N'zomveka kuti ambiri amaopa kuchepa thupi. Komabe kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka 5 anali opinimbira, pamene pafupifupi mayi mmodzi mwa asanu alionse a zaka 15 mpaka 49 anali wonenepa kuposa muyezo. Mavuto awiriwa amatha kupezeka m'nyumba imodzi. Kuonda kumene munthu sanakufune nakonso n'chizindikiro chofunika kuchifufuza, chifukwa kumabwera ndi TB, HIV, shuga ngakhalenso khansa.

Kwa ana a miyezi 6 mpaka 59 pali kalamba ka mitundu itatu kotchedwa MUAC, kamene amakulunga pakati pa phewa ndi chigongono. Mkono ukachepera masentimita 11.5, kalambako kamaonetsa kufiira, kutanthauza kunyentchera koopsa kofuna chithandizo monga chiponde. Kuyambira 11.5 mpaka kuchepera 12.5 ndi chikasu, ndipo kuyambira 12.5 ndi kobiriwira. Mwana wotupa amaoneka ngati wonenepa, choncho dinani pamwamba pa mapazi onse awiri kwa masekondi atatu. Pakatsala tizenje, mwanayo akufunika kuchipatala tsiku lomwelo.

Dontho la magazi

Ludzu losatha, kudzuka kawirikawiri usiku kukataya madzi, kuonda, zilonda zosapola, ndi nyerere kuunjikana pamene munthu wakodza, zonsezi ndi zizindikiro za shuga. Koma zimachedwa kuoneka, ndipo dontho la magazi a pachala limadziwa msanga. Kafukufuku wa STEPS uja anapeza matendawa mwa anthu pafupifupi 6 pa 100 alionse. Munthu akapimidwa m'mawa atakhala maola 8 osadya kapena kumwa chilichonse kupatula madzi, nambala ya 7.0 mmol/L kapena kuposa imaloza ku matenda a shuga, ndipo imatsimikizidwa popimanso. Makina ena amawerenga mu mg/dL, ndipo 7.0 yomweyo amaionetsa ngati 126, chifukwa manambala awiriwa amasiyana pochulukitsa ndi 18. Funsani kuti makinawo akuwerenga motani musanadzidzimuke. Kapu ya tiyi wa shuga kapena thobwa m'mawa imasokoneza zotsatira, choncho muuzeni wopimayo zoona. Muyezo wina, HbA1c, umaonetsa mmene shuga wakhalira m'miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, ndipo malire ake ndi 6.5 peresenti.

Akati magazi achepa, amanena za himogulobini, chinthu chofiira chimene chimanyamula okosijeni. WHO imati achepa ngati nambala yatsika kuchepera 13 g/dL mwa abambo, 12 mwa amayi, ndi 11 mwa amayi oyembekezera (10.5 m'miyezi itatu yapakati ya mimba). Zikhatho zoyera, m'kati mwa zikope moyera, chizungulire ndi befu pokwera kamtunda kakang'ono ndi zizindikiro zake. Zifukwa zofala ndi malungo, njoka za m'mimba, likodzo, kutaya magazi ambiri pa msambo ndi chakudya chosowa ayironi. Kungomwa zakumwa zofiira sikuwonjezera magazi. Chofunika ndi kupeza chimene chikuwachepetsa.

Kuyesa mphamvu

Munthu akhoza kukhala wopanda matenda koma ali wofooka. Miyezo ya mphamvu imayesa zimene thupi lingathe kuchita. Yotchuka kwambiri ndi ya Kenneth Cooper, dokotala wa asilikali a m'ndege ku America, amene mu 1968 anasonyeza kuti mtunda umene munthu angathamange pa mphindi 12 umayenderana kwambiri ndi kuchuluka kwa okosijeni amene thupi lake lingagwiritse ntchito likamalimbikira. Kwa zaka zambiri oimbira mpira ankayesedwa ndi muyezo umenewu. Pabwalo lothamangirapo la mamita 400, mwamuna wa zaka za m'ma 20 amene wazungulira kasanu ndi kamodzi, ndiye kuti mamita 2,400, ali bwino, ndipo wopitirira 2,800 ali bwino kwambiri. Kwa mkazi wa zaka zomwezo, mamita 2,200 ndi abwino. Matimu a mpira amakonda muyezo wina umene Luc Léger wa ku Montreal anasindikiza mu 1982: osewera amathamanga kupita ndi kubwerera pakati pa mizere iwiri yotalikirana mamita 20, kutsatira kulira kwa belu komwe kumafulumira pang'onopang'ono, mpaka atalephera. Miyezo iwiriyi imapanikiza mtima kwambiri. Amene ali ndi BP, shuga, vuto la mtima, kapena wakhala nthawi yaitali osathamanga, ayambe waonana ndi achipatala.

Pali miyezo ina yofatsa koma yonena zambiri. Kafukufuku wotchedwa PURE, amene anatsatira anthu pafupifupi 140,000 m'mayiko 17 ndipo anasindikizidwa m'magazini ya The Lancet mu 2015, anapeza kuti mphamvu yofinyira dzanja ikatsika ndi makilogalamu 5, chiopsezo cha imfa chimakwera ndi 16 peresenti. Ku Brazil, Claudio Gil Araújo ndi anzake anapeza mu 2022 kuti anthu a zaka 51 mpaka 75 amene ankalephera kuima ndi mwendo umodzi kwa masekondi 10 ankamwalira kwambiri m'zaka zotsatira kuposa amene ankatha. Izi sizikutanthauza kuti kufinyafinya kampira kutalikitsa moyo. Dzanja ndi mwendo zimangoulula mmene minofu ndi mitsempha ya thupi lonse zilili.

Agogo angayesedwe ndi mpando wolimba wotsamira khoma. Apinde manja pachifuwa, aimirire n'kukhalanso mobwerezabwereza kwa masekondi 30, wina akuwerenga ali pafupi kuti awagwire. Pa zaka 60 mpaka 64, mwamuna wosafika maulendo 14 kapena mkazi wosafika 12 ali ndi miyendo yofooka, ndipo akhoza kugwa mosavuta. Kuchita zomwezo tsiku ndi tsiku kumailimbitsa miyendoyo.

WHO imalangiza munthu wamkulu kugwiritsa ntchito thupi mwapakatikati kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, kapena mwamphamvu kwa mphindi 75 mpaka 150, ndi kulimbitsa minofu masiku awiri. Muyezo wake uli pakamwa. Ngati mukutha kulankhula koma simungaimbe, mukugwira mwapakatikati. Ngati mukungotulutsa mawu awiri atatu n'kupuma wefuwefu, mukugwira mwamphamvu. Kulima, kusinja, kutunga madzi kumjigo ndi kupalasa njinga zonse zimawerengedwa. Amene ayenera kudzifunsa kwambiri ndi wa m'tauni amene amachoka pampando wa minibasi kupita pampando wa mu ofesi, madzulo n'kubwerera pampando wa pabalaza.

Mafoni ndi mawotchi

Mafoni ndi mawotchi ambiri tsopano amawerenga masitepe, ndipo amauza eni ake kuti afike pa 10,000 patsiku. Nambala imeneyi sinachokere kwa madokotala. Kampani ya ku Japan yotchedwa Yamasa ndiyo inaitchukitsa mu 1965 potsatsa kachipangizo kake kowerengera masitepe. Mu 2019 I-Min Lee wa ku Harvard ndi anzake, atatsatira amayi achikulire oposa 16,000, anapeza kuti oyenda masitepe pafupifupi 4,400 patsiku ankamwalira mochepa kuyerekeza ndi oyenda 2,700, ndipo phindulo linkakula mpaka cha pa 7,500. Choncho amene akuyenda pang'ono awonjezere, osataya mtima chifukwa cha nambala ya pafoni.

Zipangizo nazo zimalakwitsa. Kachipangizo kopana pachala koyesa okosijeni m'magazi, kamene kanafala pa nthawi ya COVID-19, kamaonetsa 95 mpaka 100 mwa munthu wathanzi. Koma kafukufuku wa pa University of Michigan mu 2020 anapeza kuti mwa anthu akuda kamatha kuonetsa nambala yabwino pamene okosijeni watsika. Zala zozizira ndi utoto wa m'zikhadabo nazo zimakasokoneza. Munthu amene akubanika athandizidwe ngakhale kachipangizo kakunena kuti zonse zili bwino.

Pamene simuyenera kudikira nambala

Pali zizindikiro zimene sizifuna sikelo kapena tepi: kuwawa kofinya pachifuwa, kufooka mwadzidzidzi kwa mbali imodzi ya thupi, lilime kulemera, kukomoka, kutsokomola magazi, chotupa chachilendo m'bere, kapena kutaya magazi kwa mayi woyembekezera. Zoterezi n'zothamangira nazo kuchipatala.

Kwa munthu amene akumva bwino, zochita n'zochepa. Apimitse BP kamodzi pachaka, kapena pafupipafupi ngati inakwerapo kapena makolo ake anali nayo. Apimitse shuga ngati wakula msinkhu, wanenepa, kapena matendawa alimo m'banja. Ayeze kulemera ndi mimba miyezi ingapo iliyonse pa sikelo yomweyo ndi nthawi yofanana. Adziwe mmene magazi ake alili pa nkhani ya HIV. Ndipo chilichonse alembe pamodzi ndi tsiku lake m'buku la kuchipatala, chifukwa dokotala amene akuona manambala a zaka zitatu amadziwa zambiri kuposa amene akuona ya lero yokha.

Chipatala chikakhala kutali, anthu angathe kuthandizana. Gulu la banki m'khonde, mpingo, mzikiti kapena timu ya mpira likhoza kusonkha ndalama n'kugula makina a BP, sikelo ndi tepi, kupempha mlangizi wa zaumoyo kuti aphunzitse anthu awiri kapena atatu kapimidwe koyenera, n'kumapimana pa tsiku la msonkhano. Aliyense amene nambala yake yakwera pa masiku awiri osiyana atumizidwe kuchipatala, ndipo abambo asasiyidwe kunja.